Kodi maphunziro a sayansi akumulemera mwana wanu?

Mai wina wa ku Shikoswe anandiimika pa msika tsiku lina ndi funso limene ndikhulupirira kuti lili m'nyumba zambiri muno mu Kafue. Mwana wao wamkazi, amene anakhoza bwino kwambiri Giredi 12, ali m'caka coyamba ca maphunziro a sayansi pa sukulu ina yaikulu mu Lusaka. Malo ogona pa sukulu sanawapeze, tsono akwera basi tsiku ndi tsiku kucokera kuno. Pa miyezi inai cabe mtsikanayu waonda, maso ali ofiira, ndipo safuna kukamba ndi munthu. Akafunsidwa, yankho lake ndi limodzi: "Nchito yacuruka, sindikwanitsa." Atate ake akuti walira mvula walira matope, anafuna yekha udokotala, alimbe. Ambuye ake akuti pali munthu amene wamucitira kaduka. Amai aja ndiwo ali pakati. "Nanga ine ndidzadziwa bwanji," anatero, "ngati maphunziro alemeradi kapena mwana wangofooka mtima? Ine sukulu ndinalekezera Giredi 7."

Funso ili ndi la umoyo, ndiye cifukwa cake ndalibweretsa pa tsamba lino. Yankho langa ndi lakuti kholo lingathe kudziwa, ngakhale kholo limene silinaoneko mkati mwa labu. Simufunika kudziwa kemisitiri. Mufunika pepala, bolopeni, ndi maso openya thupi la mwana wanu. Ndipo ndinene poyamba pomwe zimene ndaona: maphunziro a sayansi ndi olemera ndithu, anawakonza kuti akhale olemera, koma ana ambiri amene agwa sagwetsedwa ndi mabuku okha. Agwetsedwa ndi zimene ife a ku nyumba tisanjika pamwamba pa mabukuwo.

Ife a mu Kafue sayansi tinaidziwa kale. Kucokera pamene fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals inayamba kugwira nchito mu 1970, pamodzi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, tinazolowera kuona anthu obvala makhoti oyera ndi mainjiniya akupita ku nchito m'mawa kucokera ku Estates. Pamene mafakitale anayamba kufooka ndi kucotsa anthu nchito, ndipo ya nsalu inatsekeratu, nyumba zambiri zinatsala ndi ciyembekezo cimodzi: mwana uja wanzeru za masamu. Mwana wotere akalowa koleji sanyamula mabuku okha. Anyamula lendi ya nyumba, sukulu ya ang'ono ake, ndi ukalamba wa makolo ake. Anansi ayamba kumuchula "a dokotala" asanalembe ngakhale tesiti imodzi. Ife timaseka poganiza kuti tikumulimbikitsa, koma mwanayo mau amenewa amagona nao.

Tiyeni timvetse coyamba cimene cimacitika m'caka coyamba. Pa UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966, njira ya zaka zambiri yakhala yakuti ofuna udokotala, uinjiniya, za migodi, za ulimi kapena za matenda a ziweto ayambira pamodzi mu sukulu ya Natural Sciences. Kumeneko aphunzira bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu, ndipo zotuluka za caka cimeneco ndizo zisankha amene apita ku maphunziro amene anafuna. Malo a udokotala ndi ocepa kuposa owafuna. Motero mwana salimbana ndi kukhoza cabe, alimbana ndi kupambana anzake, ndipo anzakewo ndi aja amene analinso oyamba m'makalasi ao ku Chipata, ku Mongu, ku Kitwe ndi kwina. Mwana amene anali nambala wani pa Naboye kapena pa Kafue Boys apezeka kuti ali m'cipinda codzala ndi manambala wani okhaokha.

Palinso cina. Ku sekondale ambiri anaphunzira fizikisi ndi kemisitiri zophatikiza monga phunziro limodzi, ndipo ena sanagwireko zipangizo za mu labu kawirikawiri. Mphunzitsi anali kulemba manotsi pa bolodi, kubwereza, ndi kufunsa amene sanamve. Ku yunivesiti mphunzitsi akamba kwa ola limodzi pamaso pa khamu, atuluka, ndipo zimene ku sekondale zinatenga temu yonse zitha pa masabata awiri kapena atatu. Kotero kulephera tesiti yoyamba si cizindikiro cakuti mwana alibe mutu wa sayansi. Nthawi zambiri ndi cizindikiro cakuti akali kuwerenga monga mwana wa Giredi 12, kuloweza manotsi, pamene mayeso afuna kuti asove mafunso amene sanawaonepo. Ici cimakonzeka, ndipo ambiri amacikonza temu yoyamba isanathe.

Tsopano tengani pepala lija. Sabata imodzi ili ndi maola 168, kwa wolemera ndi wosauka cimodzimodzi. Muuzeni mwana abweretse taimutebulo yake, muwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti ali ndi maphunziro anai, lililonse maola atatu a malekicha pa sabata: ndiwo maola 12. Muonjezepo ola limodzi pa phunziro lililonse la timagulu tosova mafunso: maola 4. Muonjezenso malabu atatu a maola atatu atatu: maola 9. Pamodzi ndi maola 25 okhala m'kalasi ndi mu labu. Mataimutebulo amasiyana, wa mwana wanu ungakhale ndi ocepa kapena ambiri, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Maola 25 aoneka ocepa kwa munthu amene amagwira nchito kuyambira 8 koloko kufika 17 koloko, ndipo apa ndi pamene atate ambiri amalakwira. Iwo amati, "Ona, Lacitatu ulibe kalasi masana, nanga kutopa kucokera kuti?" Nchito yaikulu ya sayansi ili kunja kwa kalasi. Lamulo lakale limene masukulu a ku America amatsata ndi lakuti ola limodzi la lekicha lifuna maola awiri a kuwerenga pa wekha. Labu iliyonse imabala lipoti, ndipo lipoti lofuna matebulo, magirafu ndi masamu lingadye madzulo athunthu. Tsono pa maola 25 aja muonjezepo ena 25. Tafika pa 50.

Boma nalo lili ndi muyeso wake. Bungwe la ZAQA, limene limayang'anira mapepala a maphunziro m'dziko muno, limawerenga kuti kirediti imodzi ndi maola 10 a kuphunzira, kuphatikiza m'kalasi, mu labu, kuwerenga pa wekha ndi mayeso. Caka cathunthu ndi makirediti 120, ndiye kuti maola 1,200. Mukawagawa pa masabata 30 mupeza maola 40 pa sabata. Uwu ndi muyeso wa wophunzira wapakati, ndipo wa sayansi m'caka coyamba kawirikawiri amapyolapo. Kuona kwanga ndi kwakuti maola 40 kufika 50 pa sabata ndi katundu woyenera mwana wathanzi. Maola 60 pa masabata awiri kapena atatu oyandikira mayeso angapirike. Koma ngati sabata ndi sabata, temu yonse, mwana afika pa 70 ndipo akali kutsalira m'mbuyo, pamenepo pali cimene calakwika, kaya m'maphunziro, kaya m'kawerengedwe kake, kaya m'thupi mwake.

Tibwerere ku 168 uja. Cotsanipo maola 56 a tulo, ndiwo 8 usiku uliwonse, atsala 112. Cotsanipo maola atatu patsiku a kudya, kusamba, kuphika ndi kucapa, ndiwo 21, atsala 91. Cotsanipo 50 a sukulu, atsala 41. Maola 41 ndi pafupifupi asanu ndi limodzi tsiku lililonse a kupuma, kupemphera, kuceza ndi kumenya mpira. Pa pepala, mwana wogona pafupi ndi sukulu, wodya bwino, maphunziro a sayansi amukwana bwino lomwe.

Nanga mwana wa ku Zambia Compound kapena ku Soloboni amene akwera basi? Kucoka kuno kufika mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45. Aliyense amene amayenda mseu uwu m'mawa adziwa kuti makilomitawo sanena zonse. Pali kudikira kuti basi idzale, kuima pa Shimabala ndi pa Chilanga, mzere wa magalimoto kuyambira ku Makeni, ndiyeno basi yaciwiri kucoka m'tauni kupita ku sukulu. Maola awiri kupita, awiri kubwera, masiku asanu: maola 20 apita. Pa 41 paja patsala 21. Ngati ndi mtsikana, timuyembekezanso kupyanga, kutunga madzi, kuphikira banja, kutsuka mbale, ndipo pa Ciweru kucapa zobvala za nyumba yonse. Ikanipo maola 15. Atsala 6. Pa Sondo ku chalichi maola anai. Atsala awiri pa sabata yonse. Basi ikaonongeka pa njira, magetsi akazima monga anali kuzimira maola ambirimbiri patsiku mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, kukagwa maliro kapena mlendo akafika, mwana alibe pena potenga nthawi koma pa tulo take.

Ndiima pang'ono pa nkhani ya tulo, cifukwa apa ndi pamene ana a sayansi amadzipweteka okha, ndipo makolo timawaombera m'manja. Timanyadira kuuza anansi kuti "wanga uja sagona, nyali imayaka mpaka tambala woyamba." Akatswiri a za tulo amagwirizana kuti munthu wamkulu afunika maola 7 kapena kuposapo usiku uliwonse, ndipo wa zaka 18 kufika 25 afunika pakati pa 7 ndi 9. Mu 1997 ofufuza awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amacita zinthu mocedwa ndi molakwitsa monga munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 afanana ndi munthu amene wamwa kupyola muyeso umene malamulo amalola woyendetsa galimoto. Palibe kholo lingalole mwana kumwa mabotolo awiri asanalowe m'mayeso a fizikisi, koma timamulola kucezera usiku wonse, cimene cimufikitsa pamodzimodzi.

Cinanso ndi cakuti zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika mu ubongo pamene ali m'tulo. Wowerenga maola asanu ndi limodzi ndi kugona atatu amataya zambiri za zimene wawerengazo, ndipo m'mawa mu lekicha amangolemba osamva. Madzulo afunika nthawi yambiri kuti amvetse zimene akanamva m'kalasi, tsono agonanso mocedwa. Umu ndi mmene katundu wa maola 50 amasandukira wa maola 70 popanda mphunzitsi kuonjezapo kanthu. Mwana wotere akanena kuti nchito yacuruka sanama, koma mankhwala ake oyamba si kusiya sukulu. Ayambe wagona maola 7 kwa masabata awiri, ndiyeno muwerengenso.

Kuti akhale maso, ambiri athawira ku khofi ndi zakumwa za m'tizitini zija amati zopatsa mphamvu. Muli kafini. Kwa munthu wamkulu wathanzi, madokotala amati asapyole mamiligiramu 400 patsiku, ndiwo makapu a khofi pafupifupi anai. Koma bvuto silili pa kucuruka kokha. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti licotse theka cabe la kafini amene munthu wamwa. Wakumwa pa 22 koloko, pofika 3 koloko m'mawa theka likali m'magazi. Akagona, tulo take ndi tapamwamba. Mtima kugunda msanga, manja kunjenjemera, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono ndi kutentha pa cifuwa, zonsezi zingacokere m'kacitini kameneko osati m'buku la kemisitiri.

Za cakudya sindidzatalikitsa, cifukwa amai onse adziwa kuti njala ilibe nzeru. Boma linacotsa ndalama ya cakudya ya ophunzira a pa ngongole mu 2019 ndi kuibwezeretsa mu 2023, koma si mwana aliyense amene ali pa ngongole ya HELSB, ndipo wa pa koleji yolipira yekha alibe cotere. Ambiri amacoka m'mawa ndi tiyi cabe, masana banzi kapena citumbuwa ndi zigolo, nsima ndi usiku. Munthu sangaime maola atatu mu labu pa citumbuwa cimodzi. Pomutumizira mwana ndalama ya mabuku ndi ya foni, funsaninso cimene anadya dzulo masana, ndipo musalole yankho lakuti "ndinadya." Funsani kuti anadya ciani. Nyemba, nshawa, kapenta, mazira, soya, lepu ndi cibwabwa si zodula kuposa zakumwa za m'tizitini zija.

Pali nkhani ina imene ndimamva kawirikawiri: "Mwana wanga maphunziro amupatsa maalisa." Kale madokotala nao anali kuganiza kuti zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa. Koma madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kuti zambiri zimayamba ndi kacirombo kochedwa Helicobacter pylori, ndipo mu 2005 analandira mphotho ya Nobel kaamba ka ici. Cina cimene cimabweretsa zilondazi ndi mankhwala oletsa kuwawa monga asipirini, brufen ndi diclofenac, amene ana a sukulu amagula pa kantemba ndi kumwa popanda cakudya mutu ukawawa. Nkhawa ndi njala zimakulitsa kuwawa, inde, koma kacirombo kaja kali ndi mankhwala ake ku cipatala. Mwana womva kutentha m'mimba masabata ambiri apite akapimidwe, asamangomwa mkaka ndi kunena kuti zidzatha akatsiriza digiri. Akasanza magazi kapena cimbudzi cikada bii, apite tsiku lomwelo.

Ici cindifikitsa pa cenjezo limene ndifuna lisaiwalike. Mabuku tisawanamizire matenda onse. Mwana akaonda, akamatopa msanga, akamatuluka thukuta usiku, kapena akakhosomola kupyola masabata awiri, makamaka amene agona anai kapena asanu m'kacipinda kamodzi ka bodingi, ayenera kupimidwa cifuwa ca TB. Mtsikana wotopa nthawi zonse, womva cizwezwe, wa m'manja ndi m'maso moyera, angakhale ndi magazi ocepa, makamaka ngati amataya magazi ambiri pa mwezi ndipo sadya bwino. Mutu wowawa madzulo alionse pambuyo powerenga ungakhale wa maso ofuna magalasi. Malungo, shuga, HIV ndi pathupi nazo zimabisala kumbuyo kwa mau akuti "ndatopa ndi sukulu." Zonsezi zimapimidwa pa kiliniki, kaya ku Nangongwe, ku Railway, ku Estates kapena pa cipatala cacikulu ca Kafue, ndipo zambiri zimadziwika tsiku limodzi. Musanagamule kuti sayansi yamulemera mwana, yambani mwadziwa kuti thupi limene lanyamula sayansiyo lili bwino.

Tsopano za maganizo. M'makomboni mwathu muli cikhulupiriro cakuti kuwerenga kwambiri kumapengetsa munthu, ndipo aliyense ali ndi nkhani ya mnyamata wina wanzeru amene "mabuku anamuzungulitsa mutu." Mabuku sapengetsa munthu. Cimene ciripo ndi cakuti matenda ena akulu a maganizo amayamba kuonekera pa msinkhu womwewo umene ana amalowera koleji, kumapeto kwa zaka za m'ma 10 ndi kuciyambi kwa za m'ma 20, ndipo kusagona, camba, mowa ndi nkhawa yosatha zingawafulumize mwa munthu amene anali nao kale pafupi. Koma matenda ofala kwambiri pakati pa ophunzira si misala ai. Ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali ndi nkhawa yopyola muyeso. Mu 2016 magazini ya madokotala ya ku America yochedwa JAMA inasonkhanitsa zofufuza za m'maiko opitirira 40, ndipo inapeza kuti mwa ophunzira udokotala 100 alionse, pafupifupi 27 anali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, ndipo 11 anaganizapo zodzipha. Mwa odwalawo, amene anapita kukafuna thandizo sanafike ngakhale mmodzi mwa asanu. Awa ndi ana osankhidwa, anzeru, ophunzira za matenda, koma nao anabisa.

Kutopa wamba ndi matenda zimasiyana, ndipo kholo lingathe kusiyanitsa. Mwana wotopa cabe amadandaula, amanyoza aphunzitsi ake, koma akagona bwino pa Ciweru ndi pa Sondo amadzuka ali munthu, adya, aseka ndi ang'ono ake, ndipo pa Lolemba apita. Wodwala maganizo kupuma sikumucotsa kutopa. Kwa masabata awiri kapena kuposapo sakondwa ndi ciliconse, ngakhale zimene anali kukonda, sagona kapena agona usana wonse, sadya, amalira payekha, aleka kupita ku makalasi koma abisa, ndipo ayamba kukamba mau monga "ndine wacabe," "ndakutayitsani ndalama," "bwenzi ndikanangofa." Mau otsirizawa musawatenge ngati nthabwala kapena mwano. Mufunseni mosabisa ngati waganizapo zodzipweteka. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wokamba. Musamusiye yekha, cotsani mankhwala a makoswe, a m'dimba ndi mapiritsi pafupi, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Thandizo la matenda a maganizo silili ku Chainama kokha, liyambira pa kiliniki ndi pa cipatala ca boma, ndipo pa foni pali nambala yaulere ya 933 ya a Lifeline. Kupemphera ndi kwabwino, pempherani, koma mupite naye ku cipatala ndithu, monga mmene mumacitira mwana akathyoka mwendo.

Wina adzati ndikufewetsa ana, kuti dokotala kapena nesi adzagwira nchito usiku wonse, tsono azolowere tsopano. M'mau amenewa muli coonadi. Sayansi ifuna khama, ndipo alipo ana amene amathera maola pa foni ndi kunena kuti nthawi yacepa. Pepala lija limagwira nao awa: mukawerenga mupeza maola 25 a m'kalasi, 8 a kuwerenga, ndi ena ambiri osadziwika kumene anapita. Mwana wotere katundu sanamulemere, sanayambe ndi kumunyamula komwe. Koma pa za kuzolowera kusagona, ngakhale ku America, kumene madokotala acinyamata anali kugwira nchito mopanda malire, mu 2003 anaika lamulo lakuti asapyole maola 80 pa sabata, atazindikira kuti dokotala wosagona amalakwitsa pa odwala. Thupi silizolowera kusowa tulo. Munthu amangoleka kuzindikira kuti akulakwitsa.

Masukulu nao ali ndi mlandu wao. Si cilungamo kuti matesiti a maphunziro onse anai agwe m'sabata imodzi pamodzi ndi malipoti atatu a labu, cifukwa cabe aphunzitsi sanakambirane. Si cilungamo kutenga ophunzira ambiri kuposa mipando ndi zipangizo, kotero kuti mwana afika ola lathunthu nthawi isanakwane kuti apeze pokhala. Sukulu iliyonse iyenera kuuza wophunzira ndi kholo lake, asanalipire, kuti phunziro ili lifuna maola angati pa sabata. Ndipo inu makolo, makoleji a za umoyo acuruka kwambiri masiku ano. Musanagulitse poloti kapena kutenga kaloba, fufuzani ngati koleji ndi yolembetsedwa ndi boma, ndiponso ngati maphunziro ake ndi obvomerezedwa ndi bungwe la anamwino ndi azamba kapena la Health Professions Council. Pa sayansi, sukulu yopanda labu yeniyeni, yokhozetsa aliyense mosabvuta, iyenera kukudetsani nkhawa kuposa yolemetsa ana.

Nanga ngati mwawerenga maola, mwacotsa nchito za pa nyumba, mwana agona, adya, ku kiliniki apeza kuti ali bwino, wasintha kawerengedwe, walowa kagulu ka anzake, wapita kwa aphunzitsi kukafunsa, koma temu yaciwiri yatha ndipo akali kulephera maphunziro atatu mwa anai? Pamenepo tinene zoona, katundu uyu si wa msinkhu wake pa nthawi ino. Ndi bwino kupita naye ku ofesi yoona za ophunzira mayeso otsiriza asanafike, kukafunsa za kubwereza, kupuma caka ndi cilolezo, kapena kusintha maphunziro, kusiyana ndi kudikira kuti sukulu imucotse. Mwana wongoleka kupita ku makalasi mwakacetecete amataya zonse, malo ndi ngongole yomwe. Funsaninso ngati udokotala unali maloto ake kapena anu. Cipatala siciyenda ndi madokotala okha. Pa Evelyn Hone, imene inayamba mu 1963, amaphunzitsa za mankhwala, za kupima magazi ndi za kujambula m'thupi. Pa Levy Mwanawasa Medical University, pamalo pamene panali koleji ya Chainama, pali maphunziro osiyanasiyana a za umoyo. Wokonda makina ndi magetsi ali ndi makoleji a zaumisiri, ndipo amene anazolowera nchito ya magetsi a madzi amakaonjezera luso konkuno kwathu ku Kafue Gorge. Palibe mwa awa amene ali wopepuka, koma kalemeredwe kake ndi kosiyana, ndipo mwana amene masamu a yunivesiti anamukana angakhale katswiri pa maikulosikopu.

Amai a ku Shikoswe aja tinakhala nao pansi pa Sondo masana, pamodzi ndi mwana wao ndi pepala. Zinapezeka kuti mtsikanayu amauka 4 koloko kuti apyange ndi kuteleka madzi osamba a banja, acoka 5 koloko itapitirira, abwera ca m'ma 20 koloko, aphika, atsuka mbale, ndipo ayamba kuwerenga pa 22 koloko kufika pakati pa usiku. Tulo maola anai. Masana amadya banzi limodzi kuti ndalama ya basi ikwane. Alongo ake awiri, anyamata a zaka 15 ndi 17, sanagwirepo cipyango. Atate ake anayang'ana pepala lija nthawi yaitali osanena kanthu. Ku kiliniki anapeza kuti magazi ndi ocepa ndipo anamupatsa mapiritsi oonjezera magazi. Tsopano kuyambira Lolemba kufika Lacisanu agona kwa amai ake aang'ono mu Lusaka, ndalama ya basi yasanduka ya cakudya, ndipo mbale atsuka ndi anyamata aja, modandaula ndithu. Tesiti yaciwiri ya kemisitiri anakhoza, ya fizikisi analepheranso koma pang'ono. Mayeso otsiriza a caka akali kutsogolo, ndipo amai ake apempha anansi kuti ayambe aleka kumuchula "a dokotala."